Ulendo wa ku Ticino ndi ana komanso agogo: kuli chiyani kupatula nyanja?

Funso:

"Ndine Mmalawi, ndikuchita maphunziro mumzinda wa Zurich ku Switzerland ndipo chino ndi chaka changa chachiwiri. Mu Ogasiti akubwera kudzandiona mayi a kunyumba, ana athu awiri, komanso mayi anga ondibereka. Woyamba kubadwa ndi mtsikana wa zaka 15, ali Folomu 3 ndipo mtima wake wonse uli pa sayansi. Wamng'ono ndi mnyamata wa zaka 9. Mayi anga ali ndi zaka 67, ndi Akatolika olimbikira, koma mawondo amawavuta. Anzanga kuno akuti ndikawaonetse ku Ticino, chigawo chomwe anthu ake amalankhula Chitaliyana. Nkhawa zanga ndi izi: palibe mwa ife wodziwa Chitaliyana, ndalama zanga ndi za mwana wasukulu, ndipo pa intaneti ndikungoona zithunzi za nyanja ndi mahotela a anthu olemera. Nyanja tili nayo kwathu. Kodi kuli china choti mwana wanga akaphunzire? Nanga tingapite m'mawa n'kubwerako madzulo?"

Yankho:

Achimwene, mtima ukhale m'malo. Ulendowu ndi wotheka, ndipo mwachita bwino kuwawerengera amayi. Ambiri amawasiya akuluakulu pakhomo poganiza kuti dziko la mapiri si la munthu wa mawondo, pomwe malo angapo abwino kwambiri ku Ticino amafikika pa sitima, pa basi kapena pa chikepe. Ndakhala ndikuperekeza mabanja ndi magulu a ana asukulu kumeneko kwa zaka zambiri, ndipo amene amabwerako ali ndi zambiri zosimba kawirikawiri amakhala agogo ndi adzukulu.

Za chiyankhulo musadandaule nazo. Ticino ndi chimodzi mwa zigawo 26 za Switzerland, anthu ake ndi pafupifupi 350,000, osafika theka la anthu a mumzinda wa Blantyre, ndipo ambiri amadyera alendo. Pa siteshoni, ku hotela ndi kumalo oonetsera zinthu mupeza olankhula Chingerezi, ndipo Chijeremani chomwe mwatola ku Zurich chikuthandizaninso. Komabe aphunzitseni ana mawu atatu: buongiorno popereka moni, grazie pothokoza, ndi scusi popempha kudutsa kapena kufunsa. Anthu a kumidzi ya kumeneko amalemekeza moni ngati ife. Mukalowa m'kasitolo osapereka moni, nkhope ya mwini wake imakuuzani.

Kupita m'mawa n'kubwerako madzulo n'kotheka, chifukwa kuchoka ku Zurich kufika ku Lugano sitima sitenga maola awiri athunthu. Koma ine ndikukuletsani. Mudzangothamanga, amayi adzatopa, ndipo mudzabwerako mutaona nyanja yokha ija mukuti tili nayo kwathu. Gonaniko masiku atatu kapena anayi. Pali chifukwa china cha m'thumba: aliyense wogona mu hotela, mu hositelo kapena pamalo omanga mahema m'chigawochi amapatsidwa tikiti yotchedwa Ticino Ticket, yokwerera mabasi ndi sitima za m'chigawo chonse ulere kwa masiku onse amene ali komweko, ndipo imatsitsako mitengo ya maboti ndi zikepe zokwera mapiri. Kwa anthu asanu, imeneyo si ndalama yochepa. Musanalipire malo ogona, funsani ngati amapereka tikitiyi, chifukwa nyumba zina za anthu wamba zochititsa lendi sizipereka. Ana anu onse sanakwane zaka 16, choncho mukhoza kuwagulira khadi yotchedwa Junior pa siteshoni, ya 30 franc mwana mmodzi pa chaka, yomwe imawalola kuyenda ulere akakhala ndi kholo lomwe lili ndi tikiti.

Mwafunsa ngati kuli china kupatula nyanja. Kuli miyala. Nkhani yonse ya Ticino ndi ya anthu ndi miyala: phiri lomwe linawatsekera njira, thanthwe lomwe anamangapo malinga, ndi miyala yakuda yomwe inasunga nyama za m'nyanja yomwe inatha kalekale. Mukagwira ulusi umenewo, mwana wanu aphunzira sayansi tsiku lililonse osalowa m'kalasi.

Phunziro loyamba liyambira mu sitima momwemo. Pakati pa Zurich ndi Ticino pali mapiri a Gotthard, ndipo pali njanji ziwiri zowaboola. Yatsopano idatsegulidwa mu 2016. Ndi ngalande ya makilomita 57, yotalika kuposa ngalande ina iliyonse ya sitima padziko lonse, ndipo sitima imakhala mumdima kwa mphindi pafupifupi 20. Pena pamwamba pa mutu wanu pamakhala thanthwe lokhuthala mamita 2,300. Mufunseni mwana wanu kuti akuganiza kuti mkatimo mumazizira kapena mumatentha. Ambiri amayankha kuti mumazizira poti kunja kuli chipale pansonga za mapiri, koma thanthwe la pakatipo limafika madigiri 45, chifukwa ukamalowa pansi kutentha kwa m'kati mwa dziko kumawonjezereka. Okumba ankagwira ntchito ndi makina oziziritsa mpweya. Mufunseninso chifukwa chomwe anavutikira zaka 17 kukumba patsinde pa phiri pomwe njanji ina inalipo kale. Yankho lake ndi chitunda: njanji yosakwera imalola sitima za katundu zolemera kudutsa msanga ndi injini zochepa, katundu n'kuchoka pamisewu.

Ine ndimalangiza kuti popita mudzere njanji yakale ya 1882, pobwera mudzere yatsopano. Yakaleyo imachedwa ndi pafupifupi ola, koma imakwera phiri mozungulirazungulira m'kati mwa thanthwe ngati chigoba cha nkhono. Pamudzi wa Wassen tchalitchi chimodzi chomwecho mumachiona katatu, pena chili kumwamba, pena pambali, pena kunsi kwanu. Mnyamata wanu akachiwerenge yekha. Mukatuluka ngalande yakale ya makilomita 15 mufika ku Airolo, siteshoni yoyamba ya Ticino, pomwe pali chosema cha mkuwa cha mmisiri Vincenzo Vela: amuna atanyamula mnzawo wakufa pa machira, wina atagwira nyali. Anthu pafupifupi 200 anafera pa ntchito yokumba ngalandeyo, ambiri a iwo Ataliyana obwera kudzafuna maganyu, ndipo injiniya wamkulu Louis Favre nayenso anamwalira m'ngalande momwemo mu 1879. Ambiri ena anadwala matenda ochepa magazi, ndipo wasayansi wa ku Turin, Edoardo Perroncito, anasonyeza kuti gwero lake linali nyongolotsi za m'matumbo zolowera m'madzi ndi m'matope auve omwe ankapondamo. Ndi nyongolotsi zomwezo mwana wanu amaphunzira pa bayoloje. Amayi, amene anaona amuna a m'mudzi akupita ku migodi ya ku Joni, sadzafuna wowamasulira chosemacho.

Malo ogona, ine ndimakonda Bellinzona. Ndilo likulu la chigawo, mitengo yake ndi yotsikirapo poyerekeza ndi m'mbali mwa nyanja, ndipo njanji zopita ku Lugano ndi ku Locarno zimagawikana pomwepo, konse ulendo wake wosapitirira theka la ola. Pamwamba pa zonse, malinga atatu akale a mumzindawu ali pakhomo panu.

Mukaima pa linga lalikulu la Castelgrande n'kuyang'ana uku ndi uku, mumvetsa msanga chifukwa chake analimanga. Chigwa cha mtsinje wa Ticino chimapanikizika pamenepa, ndipo pakati pake pali thanthwe lalikulu loima lokha. Aliyense wotsika m'mipata ya Gotthard, Lukmanier ndi San Bernardino kupita ku mzinda wa Milan ku Italy ankayenera kudutsa apa, kaya ndi wamalonda a ng'ombe ndi tchizi, kaya ndi gulu lankhondo. Wogwira thanthweli ndiye ankatolera msonkho ndi kutseka chipata. Ofukula zakale anapeza kuti anthu akhala pathanthweli kuyambira zaka zoposa 7,000 zapitazo, koma makoma omwe mukawaone ambiri ndi a mafumu a ku Milan, a banja la Visconti ndi la Sforza, m'zaka za m'ma 1400, pomwe ankaopa Aswisi otsika kuchokera kumpoto. Mu Disembala 1478, pa Giornico, kagulu kochepa ka Aswisi ndi anthu a m'chigwacho kanagonjetsa chigulu cha asilikali a ku Milan, ndipo nkhondoyo mpaka lero imatchedwa ya miyala ikuluikulu. Mantha ake ndi amene anamangitsa linga lachitatu, Sasso Corbaro, mu 1479, m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Sizinathandize kwa nthawi yaitali: mu 1500 Bellinzona inalowa m'manja mwa Aswisi, ndipo kwa zaka pafupifupi 300 anthu a Ticino ankalamulidwa ndi nduna zotumizidwa kuchokera kumpoto, mpaka 1803 pomwe Ticino inakhala chigawo chodziimira ngati zinzake. Ndicho chifukwa chake anthu ake amalankhula Chitaliyana koma ndi Aswisi, ndipo sakonda kutchedwa Ataliyana. Malingawa analowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 2000, kaundula yemweyo muli zojambula za pamiyala za ku Chongoni ndi paki ya ku Cape Maclear.

Kwa amayi, nkhani yabwino ndi yakuti pa Piazza del Sole, patsinde pa thanthwe, pali kanjira kolowa m'mwala kokafika pa chikepe. Katswiri wa zomangamanga Aurelio Galfetti ndi amene anachikonza pokonzanso lingali m'ma 1980. Mumalowa mumdima wozizira, madzi akudontha m'makoma, ndipo pakangopita kamphindi mwatulukira pabwalo la kapinga pansi pa nsanja ziwiri, Torre Bianca ndi Torre Nera. Kukhala pabwalopo sikulipiritsa, tikiti ndi ya zipinda zoonetsera zinthu ndi malo ena a mkati. Amayi akhoza kukhala pamthunzi pomwe inu ndi ana mukuyenda pamwamba pa Murata, khoma lomwe kale linkadula chigwa chonse mpaka kutsidya kwa mtsinje. Mukafika pomwe khomalo lathera, muwauze ana chomwe chinaligumula. Mu 1513 mbali ya phiri inagumuka pafupi ndi Biasca n'kutseka mtsinje wa Brenno, madzi anadikha kukhala nyanja, ndipo mu Meyi 1515 anaphulika n'kusesa chigwa chonse, kutenga mlatho ndi mbali ya khomalo. Ife timati napolo. Iwo amati Buzza di Biasca.

Linga lachiwiri, Montebello, ndi limene mnyamata wanu adzalikonde, chifukwa lili ndi mlatho wotukula ndi tinjira ta alonda pamwamba pa makoma. Koma kuchoka m'tauni ndi masitepe okhaokha, ndipo Sasso Corbaro ili pamwamba kwambiri, mamita oposa 200 kuchokera m'tauni. Apa ndikuuzeni zomwe zinandichitikira. Chaka china mu Julaye ndinalola gulu kukwera wapansi dzuwa lili paliwombo, poti onse ankati kwathu timakwera mapiri oposa awa. Tisanafike pamwamba mayi wina wamsinkhu wa amayi anuwo anachita chizungulire, milomo itauma, n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu. Tinawamwetsa madzi, kuwakupiza, n'kuitana takisi, ndipo anachira, koma mtima wanga sunakhazikike tsiku lonse. Kuyambira pamenepo akuluakulu ndimawakweza takisi popita, ndipo malinga a pamtunda timawayendera m'mawa kapena dzuwa litapendeka. Mu Ogasiti kumeneko kumatentha kupitirira madigiri 30, ndipo ndi kutentha kwa chinyezi ngati kwa ku Nkhotakota mvula ili pafupi.

Tsopano tifike pomwe ndikufuna mwana wanu wamkazi akathere tsiku lathunthu. Kum'mwera kwenikweni kwa chigawo, pakati pa nthambi ziwiri za nyanja ya Lugano, pali phiri la nkhalango lotchedwa Monte San Giorgio, lotalika mamita 1,097. Poliona ndi phiri wamba. Koma zaka pafupifupi 240 miliyoni zapitazo malo amenewa anali thamanda la nyanja yofunda, lotetezedwa ndi matanthwe a m'madzi. Pamwamba pa madzi panali moyo wochuluka, koma pansi pake madzi anali osayenda ndiponso opanda mpweya wa okosijeni. Nsomba kapena chokwawa chikafa n'kumira, panalibe nkhanu kapena nyongolotsi yochidya, panalibenso mafunde omwaza mafupa ake. Matope osalala ankachikwirira pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, mpaka matopewo anasanduka mwala wakuda wosendeka ngati masamba a buku. Pambuyo pake, pomwe chigawo cha dziko cha Africa chinkakankhana ndi cha Ulaya n'kutukula mapiri a Alps, pansi pa nyanja paja panakwezedwa kukhala phiri. N'chifukwa chake nyama za kumeneko zimapezeka zathunthu, nthiti ndi zala zili m'malo mwake, zina ngakhale chakudya chomaliza chili m'mimba. UNESCO inalemba mbali ya Switzerland ya phirili mu 2003, ndipo ya Italy mu 2010.

Momwe anazitulukira nyamazi ndi nkhani yokoma payokha. Anthu ankakumba miyala yakudayo pofuna mafuta ake. Ankaiwotcha n'kutcheza mafuta omwe ankapangira mankhwala odzola a pakhungu otchedwa Saurolo, ndipo m'migodi imeneyo ndi momwe mafupa ankatulukira. Kumbali ya Italy, ku Besano, kufukula kwa akatswiri kunayamba mu 1863 motsogozedwa ndi Antonio Stoppani, yemwe anali wansembe wa Katolika komanso katswiri wa miyala. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa agogo ena akamva za zaka mamiliyoni amaona ngati mwana akuphunzitsidwa zotsutsana ndi chikhulupiriro, ndipo zimawakhazika mtima pansi kumva kuti amene anayambitsa ntchitoyi anali bambo mfumu. Kumbali ya Switzerland, Bernhard Peyer wa ku yunivesite ya Zurich anayamba kufukula mu 1924, ndipo zambiri zomwe anapeza zimasungidwa ku yunivesiteyo, mumzinda womwe mukukhalamo. Mukhoza kukamuonetsa mwana musananyamuke kapena mutabwerako.

Zoonetsa zenizeni zili m'mudzi wa Meride, m'nyumba yomwe anaikonza katswiri Mario Botta ndipo idatsegulidwa mu 2012. Mumakwera sitima mpaka Mendrisio, kenako basi yachikasu ya positi yokwera phiri. Pakhomo pakukulandirani chifanizo cha Ticinosuchus, chilombo cha pamtunda cha mamita awiri ndi theka, chachibale ndi makolo a ng'ona. Nyumbayi si yaikulu, ndipo wothamanga amaimaliza m'mphindi 40 osaona kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndimawauza ana kuti asankhe mwala umodzi n'kuujambula m'kope. Mtsikana wina anasankha Neusticosaurus, kachokwawa ka m'madzi kosaposa mkono wake, ndipo atawerama pagalasi nthawi yaitali anandiitana kuti ndidzaone kuti nthiti zake ndi zonenepa mosagwirizana ndi kuchepa kwa thupi. Anazindikira yekha chinthu chomwe akatswiri amachifotokoza: mafupa olemera ankathandiza kanyamako kumira ndi kukhazikika m'madzi osaya. Nkhope yake tsiku limenelo sindiiwala. Mwana wanu akafunefunenso Tanystropheus, yemwe khosi lake linali lalitali ngati thupi ndi mchira kuphatikiza, koma lili ndi mafupa 13 okha otalikitsidwa. Ngati anafikapo ku Karonga n'kuona Malawisaurus, muuzeni kuti nyama za ku Meride ndi zakale kuposa iyo ndi zaka pafupifupi 100 miliyoni kapena kuposerapo, ndipo zambiri si madayinoso konse koma zokwawa za m'madzi.

Chenjezo limodzi kwa mnyamata: kutola kapena kuswa miyala ya mafupa paphirili n'koletsedwa ndi lamulo. Akaona chinthu m'njira, achijambule n'kukauza a kumyuziyamu.

Tsiku lomwelo lili ndi gawo la amayi. Patsinde pa phirili, m'mbali mwa nyanja, pali mudzi wa Riva San Vitale, ndipo pamenepo pali nyumba yobatiziramo yomangidwa cha m'ma 500, yakale kuposa nyumba ina iliyonse yachikhristu yomwe idakali chiimire mu Switzerland. Ndi kanyumba kakang'ono, pamalo athyathyathya, kosavuta kulowamo. Pansi pali dziwe lomwe akuluakulu ankatsikiramo pobatizidwa, ndipo pamwamba pake anadzaikapo mbiya yaikulu yosemedwa ku mwala umodzi pomwe mwambo unasintha. Ndaonapo amayi a Chikatolika ndi a CCAP omwe atangoti zii m'kanyumbako, kenako n'kuyamba nyimbo chapansipansi.

Ku Lugano pitani theka la tsiku, ndipo masitolo a mawotchi adutseni. Kumapeto kwa msewu wa Via Nassa kuli tchalitchi cha Santa Maria degli Angioli, chosaoneka bwino kunja, koma mkati khoma lonse ndi chithunzi cha masautso ndi kupachikidwa kwa Ambuye chomwe Bernardino Luini anajambula mu 1529. Kulowa ndi ulere. Amayi akhale pabenchi awerenge nkhaniyo ndi maso, kuyambira chisoti chaminga mpaka Tomasi wokayika. Pafupi pomwepo pali LAC, nyumba ya zaluso ndi zoimbaimba yomwe idatsegulidwa mu 2015. Kwa mwana wa sayansi, pafupi ndi paki ya Ciani pali myuziyamu ya zachilengedwe ya chigawochi, yokhala ndi miyala, bowa ndi nyama za kumapiri, ndipo ku Cadro, kunja pang'ono kwa mzinda, kuli L'ideatorio, malo a yunivesite ya kumeneko oonetsera sayansi mogwira ndi manja, okhala ndi chipinda chooneramo nyenyezi. Kumeneku zambiri zimafotokozedwa m'Chitaliyana ndipo satsegula tsiku lililonse, makamaka sukulu zikatsekera, choncho alembereni kaye. Mumuuzenso kuti mumzinda womwewu muli CSCS, likulu la makompyuta amphamvu kwambiri a dziko la Switzerland, omwe amawerengeranso zanyengo za mawa. Makinawo amatentha koopsa, ndipo amawaziziritsa ndi madzi opopedwa pansi pa nyanja ya Lugano, pa kuya kwa mamita 45, pomwe madzi amakhala pa madigiri 6 chaka chonse. Nyanja mukuipeputsayo ikugwira ntchito.

Pali zina zambiri zomwe anzanu akuuzeni: Swissminiatur ku Melide, komwe nyumba zotchuka za dziko lonse anazipanga zazing'ono, mapiri a San Salvatore ndi Generoso, zilumba za Brissago. Zonse ndi zabwino, koma zimadya ndalama, ndipo ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ngati mnyamata walimbikira, Swissminiatur ndi yomwe ndingavomere.

Tsiku lotsala likhale la Locarno. Pamwamba pa tauni pali tchalitchi cha Madonna del Sasso, chomangidwa pathanthwe pomwe mbiri ya mpingo imati mbale wa chipani cha Fransisko Woyera, Bartolomeo wa ku Ivrea, anaona Amayi Maria mu 1480. Kasitima kokokedwa ndi chingwe kamakwera kuchokera pafupi ndi siteshoni, komabe pali masitepe angapo otsala, ndiye amayi atenge ndodo ndipo musawafulumize. Dziwani kuti kumayambiriro kwa Ogasiti ku Locarno kumakhala chikondwerero cha mafilimu chomwe chidayamba mu 1946, anthu okwana 8,000 amakhala pabwalo la Piazza Grande usiku, ndipo malo ogona amadula ndi kusowa. Ichi ndi chifukwa china chogonera ku Bellinzona.

Pafupi ndi Locarno pali chigwa cha Verzasca, ndipo apa ndilankhule motsindika. Pakhomo pa chigwacho pali damu la magetsi lotalika mamita 220, lomalizidwa mu 1965, loyenera kuti mwana wanu aimepo n'kuganiza za mphamvu ya madzi akagwa kuchokera patali chotero. Kumtunda kwake, ku Lavertezzo, kuli mlatho wakale wa miyala ndi madzi obiriwira oonekera mpaka pansi, omwe mwawaona pa intaneti. Mtsinje umenewu wapha anthu ambiri, ena odziwa kusambira bwino. Madzi ake ndi ozizira zedi ngakhale kunja kukutentha, miyala ndi yoterera, ndipo pansi pali mikokomo yokokera munthu kunsi kwa matanthwe. Mwana wozolowera kusamba ku Salima asaganize kuti ndi chimodzimodzi. Aviike mapazi pamalo osaya inu muli pambali, basi. Mvula ikagwa kumapiri madzi amakwera mwadzidzidzi ngakhale pomwe muli pali dzuwa, ndipo kumapeto kwa Juni 2024 mvula yotere inagumula mlatho ndi kupha anthu m'chigwa choyandikana nacho cha Maggia. Ikani pulogalamu ya zanyengo ya MeteoSwiss pa foni, ndipo ikachenjeza za mabingu, zigwa muzisiye, mukaone za m'nyumba.

Mukayenda m'midzi ya m'zigwazi, onani nyumba za miyala yokhayokha mpaka denga, ndi timinda tokhala ngati masitepe. Chigawo chomwe lero chikuoneka cha olemera chinali cha njala. Anthu ankadalira mtedza wa m'mitengo wotchedwa castagne, kuuyanika ndi utsi n'kuusinja ufa. Mabanja osauka ankatumiza ana aamuna aang'ono ngati wanuyo ku Milan kukasesa michumuni m'nyengo yozizira, ndipo anyamata ambiri anapita ku California ndi ku Australia, ena osabwerako, matchona enieni. Ena anatchuka ndi luso la miyala: Carlo Maderno wa ku Capolago ndi amene anamanga kumaso kwa tchalitchi cha Petulo Woyera ku Roma, ndipo Francesco Borromini, katswiri wina womanga matchalitchi ku Roma, anabadwira ku Bissone mu 1599. Amayi adzakondwa kumva kuti tchalitchi chomwe amachiona Papa akamadalitsa anthu chili ndi dzanja la mwana wa m'mudzi womwe adutsamo pa sitima.

Za chakudya, njira yopulumutsira ndalama ndi kugula buledi, tchizi ndi zipatso mu supamaketi n'kudyera m'paki. Madzi a m'mipopi ya m'misewu ndi abwino kumwa, kupatula pomwe palembedwa kuti non potabile, kutanthauza kuti si akumwa. Masitolo ambiri satsegula Lamulungu, komanso pa 1 ndi pa 15 Ogasiti, omwe ndi masiku a tchuthi kumeneko. Koma kamodzi kokha, kadyeni ku grotto, malo odyera a pansi pa mitengo okhala ndi matebulo a miyala. Itanitsani polenta. Ndi ufa wa chimanga chachikasu wogayidwa mokhakhala ngati mgaiwa, wophikidwa nthawi yaitali mumphika wamkuwa pamoto wa nkhuni, ndipo amaupereka ndi nyama ya msuzi kapena tchizi. Pakatha milungu iwiri ya buledi, amayi adzaidya ndi mtima wonse, ngakhale adzanena kuti wophikayo sanaithyakule mokwanira. Ana apatseni gazzosa, chakumwa chotsekemera cha komweko cha m'botolo lotseka ndi waya.

Zotsala ndi zomwe simuyenera kudalira ine ndekha. Amalawi amafunika viza ya mayiko ambiri a ku Ulaya yotchedwa Schengen polowa mu Switzerland, ndipo imafuna inshulansi ya zaumoyo yosachepera 30,000 euro. Malamulo a komwe mungakapereke mapepala amasintha, choncho funsani ku ofesi ya kazembe wa Switzerland yoyang'anira Malawi mudakali ndi miyezi ingapo, osati kwa madobadoba. Werengani bwino ngati inshulansiyo ikuvomera matenda omwe amayi ali nawo kale, chifukwa chipatala cha kuno n'chodula kwambiri. Asananyamuke akaonane ndi dokotala wawo za mawondowo komanso za ulendo wautali wa pandege, atenge mankhwala okwanira masiku onse m'mapaketi ake, ndi kalata yofotokoza mayina a mankhwalawo. Akatupa mwendo umodzi, akamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika patangopita masiku atatsika ndege, musadikire kuti kuche, imbani 144, nambala ya ambulansi, kapena 112. Zazing'ono monga matuza, kulumidwa ndi udzudzu kapena nkhupakupa yomwe yamatirira mwana atayenda m'nkhalango, pitani ku farmacia, sitolo ya mankhwala yokhala ndi mtanda wobiriwira, ndipo pakadzatuluka chibanga chofiira chokula mozungulira pomwe nkhupakupa inaluma, kaonaneni ndi dokotala. Mapasipoti muziyenda nawo, chifukwa ku Mendrisio ndi ku Meride malire a Italy ali pafupi kwambiri, ndipo foni imatha kulumphira pa netiweki ya ku Italy n'kukudyerani mayunitsi osadziwa.

Mukadziwa masiku enieni, konzani kuti Loweruka m'mawa likupezeni ku Bellinzona, chifukwa ndi tsiku la msika m'misewu ya tauni yakale ndipo amayi adzafuna kufunsa mitengo ya chilichonse. Ku Meride musapite Lolemba, satsegula.